Kwa Nabanda, amene ali ku Bunda

Wokondedwa mwana wanga Nabanda,

Azakhali ako andiuza kuti ukuganiza zosiya maphunziro ako a ulimi ku Bunda, ati chifukwa mtima wako unali pa udokotala, ndiponso umadziona wachabechabe pakati pa anzako ochokera kusukulu zolipira amene Chingerezi chimangoterera pakamwa pawo. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni umangoyankha kuti zonse zili bwino.

Mapointi a MSCE amene ukudziyesa nawo amawerengedwa kuchokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza osankha kugawa malo ochepa a m'mayunivesite a boma kwa ophunzira ochuluka. Sanena kuti iweyo unkayenda wapansi kupita kusukulu yoyendera yopanda labotale, kapena kuti unkawerengera nyali utatha kupalira. Ukawalola kuti akuuze kuti ndiwe yani, ukuwapatsa udindo umene ngakhale a MANEB sanawapatse.

Za udokotalazo ndikufunse mosabisa: kodi unkaufunadi, kapena unkafuna ulemu umene ife makolo timaupereka ku dzinalo? Ine ndimakumbukira mtsikana amene ntchemberezandonda zitalowa m'munda mwathu ku Mitundu mu 2017, ankafunyulula nsonga ya chimanga chilichonse, kuyang'ana ndowe zonga utuchi m'katimo, nafunsa alangizi mafunso mpaka iwo kuseka. Unali iwe wemwe amene unauza agogo ako kuti kaufiti amakonda nthaka yoguga, iwo akuumirira kuti walodzedwa munda. Magazi a nkhuku okha unkathawa, ndipo sindikunena izi pokunyoza.

Bunda, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, yakhala ikuphunzitsa alangizi ndi akatswiri a ulimi kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo zambiri zimene aphunzitsi ako akulongosola m'Chingerezi, iwe unazigwira kale ndi manja. Chingerezicho chidzabwera ndi kuwerenga, koma mlimi wa ku Nsaru adzafuna munthu womufotokozera za chuku cha mtedza m'chinenero chake, popanda kumuchititsa manyazi.

Ngati utamaliza chaka chino n'kupezabe kuti mtima wako suli kumeneko, tidzakhala pansi ndi bambo ako, ndipo sindidzakukakamiza. Pakadali pano usasaine pepala lililonse lochokera pasukulu. Ubwere Loweruka kuno ku Kawale ndi zotsatira za mayeso ako, tidzazione pamodzi.

Ndine mayi ako.