Kalata kwa Akhristu a Mpingo Wathu ku Ndirande: Za Mtsutso wa Loweruka

Okondedwa mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu.

Ndikulemba mtima ukundiwawa. Komiti yokonza mtsutso wa ofuna ukhansala, umene uchitikire m'holo yathu, yaitana anthu atatu okha a zipani zikuluzikulu. Awiri oima paokha ndi mayi wina wa chipani chaching'ono awauza kuti malo kutsogolo atha. Mayiwa ndi mkhristu mnzathu. Lamulungu lapitali ndinawaona ali okha pabenchi lakumbuyo, Baibulo pamwendo, amayi anzawo atawasala chifukwa cha nsalu ya chipani imene amavala pamisonkhano. Potuluka wina anawalankhulira pakhomo penipeni pa tchalitchi kuti, "Inu mukungomwaza mavoti."

Abale anga, kumeneku ndi kukondera, ndipo kukondera ndi tchimo. "Inu khalani pano pabwino, iwe ima uko" (Yakobo 2:3). Mawu amenewa tawalankhula ife, m'nyumba ya Mulungu! Mwayeza munthu ndi kuchuluka kwa malole onyamula anthu ndi matisheti ogawa, musanamve n'komwe zimene anganene za mipope youma, za zinyalala zamumsika ndi za mtsinje wa Nasolo. "Wobwezera mawu asanamvetse apusa, nadzichititsa manyazi" (Miyambo 18:13).

Akuluakulu, inu mukukumbukira masiku amene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi opanda khadi ya chipani. Mukukumbukira kalata ya maepiskopi ya mu 1992, ndi mizere ya pa 14 June 1993 pamene Amalawi anasankha zipani zambiri. Gawo 32 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wolowa gulu limene akufuna, ndipo limaletsa kukakamiza munthu kulowa gulu. Ufulu umene ena anaumangidwira, ife tiulande kwa mlongo wathu? Ine ayi. Sindikukuuzani woti mumuvotere, ndipo guwa lino silidzatero.

Tsono seshoni, bwalo la akulu a mpingo, yagamula kuti onse asanu ndi mmodzi akhale kutsogolo, mphindi zofanana, apo ayi holo sititsekula. Kukuwiza ndi zovala zachipani zitsale kunja kwa mpanda. Amayi munamusala mnzanu aja, mukamuone kwawo Loweruka lisanafike.

Banja lililonse lipereke K2,000 kwa mkulu wa mpingo wa dera lanu pofika Lachinayi, yolipirira zimkuzamawu ndi mafuta a jenereta, poti magetsi sitingawadalire. Achinyamata mufike 7 koloko m'mawa kudzayala mabenchi.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.