Amayi, mtsikanayu apite ku Ludzi

Johannesburg,
South Africa

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko ku Benga. Mwendo wanu uja wasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mafupa. M'mawa ndikamafika pa ntchito kapinga amakhala ali mbuu ngati wina wawaza ufa, ndipo ukagwira paipi ya madzi zala zimauma gwa.

Kalatayi ndapatsira mnzanga wa ku Dwangwa amene akukwera basi Lachisanu. Akadutsa bwino pa Beitbridge ndi pa Mwanza, Lolemba ikhala ili m'manja mwanu. Ndikanatha kungoyimba foni, koma mawu a pa foni amapita ndi mphepo, mayunitsi n'kutha nkhani ili pakati. Ndikufuna mzime wathu akuwerengereni pang'onopang'ono, kawiri, kenako mukawaonetse amalume.

Uthenga woti mlongo wanga, mzime wathuyo, wasankhidwa kupita ku Ludzi Girls unandipeza ndikudulira maluwa. Ndinaika sizasi pansi n'kukhala pa njerwa, misozi ili chuchuchu. Abwana anatuluka n'kufunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Ndinati ayi, ndi chimwemwe. Amayi, mwana wowerengera pa tochi ya foni, wopita ku sukulu atayamba wapirikitsa mbalame ku mpunga, lero dzina lake lili pa sukulu ya masisitere ku Mchinji! Sukulu zimenezi, Ludzi, Likuni Girls, Marymount ku Mzuzu, Providence ku Mulanje, anthu a ndalama m'tauni amazilirira usiku ndi usana. Ife malo atipeza okha pakhomo.

Tsono za ndalama ndinene mosabisa, chifukwa ndamva kuti kumeneko akuti mwana wanu ali ku Joni, adzalipira zonse. Ndimagwira masiku anayi pa sabata, m'nyumba zitatu zosiyana. Nyengo yozizira ino udzu sukula, ndiye nyumba imodzi andiuza kuti ndizibwera kamodzi pa masabata awiri mpaka mvula itayamba. Chipinda tikugona atatu. Ndikachotsa lendi, thiransipoti ndi ufa, zotsala n'zimene mumalandirazo. Dzulo ndatumiza R3,000 pa Mukuru. Mukatenge ndi chiphaso chanu cha unzika, musatume munthu. Ndikudziwa kuti randi ikasinthidwa imaoneka yambiri, koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, inu nomwe mukuona mmene sopo ndi shuga zikuthamangira. Ndaona chithunzi cha kalata ya sukulu chimene munanditumizira. Ndalama yangayi payokha siikwana fizi ya teremu yoyamba, yunifolomu ndi ulendo wodzera ku Salima ndi Lilongwe mpaka ku Mchinji.

Muwafotokozerenso amalume kuti ndalama zalembedwazo masisitere sakudyerapo phindu. Pulayimale inakhala yaulere mu 1994, n'chifukwa chake tinazolowera kuti sukulu ndi makope ndi yunifolomu basi. Sukulu yogonera ndi nkhani ina. Ngakhale boma limathandizapo ndi aphunzitsi, mwana amadya katatu pa tsiku, amasamba, amawerengera magetsi, miyezi itatu yathunthu. Nyemba ndi chimanga chimenecho wina ayenera kugula.

Chimene ndalembera kalatayi ndi ichi: mupite mukapemphe thandizo, ndipo mupite sabata yomweyi.

Ndikukudziwani, Amayi. Mumati kulibwino kugona ndi njala kusiyana n'kukaima pakhomo pa munthu. Koma mukumbukire za ine. Ndili Fomu 2, bambo atagona pa mphasa, ananditumiza kunyumba chifukwa cha fizi ya materemu awiri. Ndinatsika matola pa msewu dzuwa lili paliwombo, sutikesi pamutu, ndowa m'manja, ndipo ndinadzera njira ya kumadimba kuti anthu pa msika asandione. Munandilandira, munandiphikira phala, ndipo tonse tinangoti tidikire mpunga. Palibe anapita kukaonana ndi ahedi. Palibe anawauza bambo mfumu, chonsecho Lamulungu lililonse tinali pa Misa, ine ndikuyimba kwaya. Mpunga utacha ndalama zinapita ku mankhwala, kenako ku maliro. Ine n'kulowa m'nyanja kukakoka makoka a eni ake. Patapita zaka ndinakumana ndi mnzanga wa kalasi imodzi, wamasiye weniweni, ali mphunzitsi. Anandiuza kuti agogo ake anapita ndi ndodo yawo ku parishi, n'kukhala pakhonde mpaka anawamva. Sindikukuimbani mlandu, munali ndi matenda m'nyumba. Koma usiku ndikamaganiza, chimandiwawa n'chakuti sanatikanize. Sitinafunse n'komwe.

Muyambire ku mphakati. Muwauze atcheyamani ndi akatekisiti zonse monga zilili: bambo anatisiya, munda ndi umodzi, mwana wa ku Joni amagwira maganyu a m'maluwa. Iwowo akuperekezeni kwa bambo mfumu. Wansembe amamva msanga nkhani imene yabwera ndi umboni wa akhristu anzako, chifukwa opempha ndi ambiri ndipo sangadziwe aliyense. Mtsikanayu apite nawo, avale bwino, anyamule kalata yake ya kusankhidwa ndi malipoti a Sitandade 7 ndi 8, ndipo akamufunsa ayankhe yekha. Mukapemphe zinthu ziwiri. Choyamba, kalata yochokera ku parishi yopita kwa asisitere oyang'anira sukulu, yofotokoza za pakhomo pathu ndi yopempha kuti tizilipira pang'onopang'ono, gawo potsegulira, gawo pakati pa teremu. Chachiwiri, ngati pali akufuna kwabwino amene amalipirira ana kudzera ku parishi kapena ku Arkidayosizi ya Lilongwe, dzina la mwana wathu lilembedwe. Amayi Akatolika anzanu aja, amene mwaphika nawo pa maliro ndi pa maukwati zaka zonsezi, muwauzenso. Ngakhale atasonkha ya ndowa ndi sopo yokha, katundu wapepuka.

Mukachoka apo, mupite kwa amfumu akulembereni kalata yoikira umboni kuti mwanayu ndi wamasiye, ndi chidindo chawo. Kalatayo mupite nayo pa boma ku Nkhotakota, ku ofesi ya Social Welfare, kumene amalemba ana ofunika basale. Mufunsenso a komiti ya chitukuko ya ADC za ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, popeza makhonsolo akhala akulipirira ana ovutika kuchokera ku thumba limenelo. Aliponso a CAMFED amene amathandiza atsikana a sekondale, ndi a Press Trust amene amalipirira ana okhoza kwambiri. Ahedi a ku pulayimale kwake muwapemphe akuuzeni khomo loyenera kugogoda. Mapepala onse mupangitse fotokope zitatuzitatu, enieniwo asatsale pa ofesi ya munthu. Akakuuzani kuti mubwere mawa, mubwereredi mawa. Ndipo wina akati mupereke kangachepe kuti dzina lilowe, musapereke, mundiimbire.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Amayi. Maina amalembedwa sukulu zisanatsegulidwe mu September, ndipo wofika mochedwa amapeza ndalama zagawidwa kale.

Za amalume tsopano. Iwo ndi eni mbumba, ndipo sindingawadutse. Ndamva maganizo awo awiri, ndipo ndikupempha mwaulemu kuti onse awiri tiwasiye. Akuti tikatenge katapila kwa bambo uja wa pa sitolo, munda wa kudambo ukhale pinyolo. Munthu ameneyo amafuna theka lina pamwamba mwezi ukatha. Ine ndikadwala sabata ziwiri, kapena apolisi akandigwira pa nkhani ya mapepala monga amagwidwira anzathu, ngongoleyo ibereka ana ndipo munda upita. Sukulu ndi zaka zinayi, materemu 12. Munda umenewo ndi umene uzitithandiza chaka ndi chaka, sungathere pa teremu imodzi. Ngati pafunika kukongola, kongolani pang'ono ku banki m'khonde yanu, kumene mumadziwana ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu nomwe pogawana.

Akutinso mwanayu angolowa sukulu yoyendera, n'chimodzimodzi. Sindinyoza sukulu yoyendera, yatulutsa anthu ambiri. Koma kuchokera kwathu ndi mtunda, ndipo mapeto ake adzachita lendi kachipinda pafupi ndi msika, yekha, ali ndi zaka 14, kudziphikira, asodzi ali ndi ndalama za usipa m'thumba akudutsa pakhomo. Inu mukuwadziwa atsikana a m'mudzi mwathu amene anapita choncho n'kubwerako ndi mwana kumbuyo Fomu 2 isanathe. Ku Ludzi akagona mkati mwa mpanda, belu likalira akawerenga.

Mpunga musagulitse wonse pano, mavenda akugula motchipa chifukwa aliyense ali nawo. Gulitsani matumba awiri okha kuti muonjezere pa imene ndatumizayi, otsalawo asungidwe mpaka December kapena January mtengo ukakwera, adzathandize teremu yachiwiri. Ineyo ndalowa chipereganyu ndi anzanga asanu a ku mphakati wathu wa Amalawi kuno, aliyense R500 pa mwezi. Ndawapempha kuti ulendo wanga wolandira ukhale December, ndipo avomera. Khirisimasi ino sindibwera. Ndalama ya basi ipite ku fizi. Zikundiwawa, pakuti papita zaka zitatu ndisanakuoneni, koma ndaganiza ndatha.

M'chikwama chimene mnzangayu wanyamula muli bulangete lochindikala, chifukwa ku Mchinji kumazizira kuposa kunyanja kwathu, nsalu ziwiri zoyala pabedi, nsapato zakuda, kalikuleta, ndi loko wa sutikesi. Nsapatozo ndagula zokulirapo dala, aziika pepala kutsogolo. Juzi yofiirayo ndi yanu.

Iwe mlongo wanga, popeza ndiwe ukuwerenga: ukafika kumeneko ukapeza ana otsika m'magalimoto, ali ndi zikwama zodzaza mabisiketi ndi Sobo. Usakachite manyazi ndi chigumu cha Amayi. Dzina lako likakhala pa gulu la ana othandizidwa, ukalembere kalata yothokoza amene akukulipirira, teremu iliyonse, ndipo lipoti lako uzinditumizira chithunzi tsiku lomwe walandira. Chikakusowa chinthu ukauze asisitere kapena ine, osati mwamuna aliyense.

Amayi, mukabwerako ku parishi mundiflashe, ndiyimba ndine madzulo ndikaweruka, cha m'ma 7 koloko. Mnzangayu abwerera kuno pakatha masabata atatu. Ngati n'kotheka mumupatsire kampunga ka kilombero ndi usipa wouma pang'ono, mumange bwino m'pepala la pulasitiki kuti usanunkhe m'basi.

Moni kwa amalume, azakhali, akatekisiti ndi onse a mphakati.

Ine mwana wanu wachisamba.