Chidole cha mtengo cha Wing Chun si chokhwimitsira mikono

Akonzi,

Ndiloleni ndiwongole maganizo amene afala pakati pa achinyamata okonda masewera omenyana a ku China. Akaona m'mafilimu munthu akukuntha chidole cha mtengo, amayesa kuti cholinga n'kulimbitsa mafupa. Si choncho ayi. Chidolechi, chimene ochita Wing Chun, mtundu umodzi wa masewerawa, amachitcha muk yan jong, chimaphunzitsa kaimidwe, kasunthidwe ka mapazi ndi mbali yoyenera kulowera mdani.

Thunthu lake ndi chipika chobulungira, chotalika pafupifupi mamita 1.5, kunenepa kwake masentimita 20 mpaka 23. Mikono ilipo itatu, iwiri cha pachifuwa, wachitatu pamimba, ndipo mwendo ndi umodzi, wopindika pabondo. Mkono uliwonse umatuluka kunja pafupifupi masentimita 30. Tsinde lake, la makona anayi, limadutsa m'bowo n'kutsekedwa ndi kachikhomo kumbuyo. Bowolo likhale lokulirapo pang'ono kuti mkono uzigwedera. Mmisiri wosadziwa amathirapo guluu kuti zilimbe, ndipo akatero wachiwononga. Mtengonso ukhale wolimba ndi wouma bwino, chifukwa wauwisi umang'aluka pamabowo pomwepo.

Kale kummwera kwa China ankachikumbira pansi. Ip Man, mphunzitsi wotchuka wa Wing Chun, atachoka ku Foshan kupita ku Hong Kong mu 1949, anapeza anthu akukhala m'nyumba zosanjikiza, mopanda pokumba. N'chifukwa chake lero chimapachikidwa pa timatabwa tiwiri topingasa todutsa m'thunthu. Timatabwato timawerama ukakankha, kenako n'kubweza mphamvu ija, ndipo ngati sunaime bwino umadzandira ndiwe. Pochimangirira, mikono ya m'mwamba ilingane ndi chifuwa chako utapinda mawondo monga umaimira poyeserera, osati utaima njo. Chikakwera kwambiri, mapewa amanyamuka ndipo zigongono zimathawira kunja.

Ophunzira a Ip Man amachita mayendedwe 116, ena 108, ogawidwa m'zigawo. Asanafike pamenepo amayamba aphunzira Siu Nim Tau ndi Chum Kiu, ndondomeko ziwiri zoyambirira za mayendedwe, chifukwa njira zotchingira ndi manja monga tan sau, bong sau ndi pak sau zosaphunzira bwino, chidole sichingakukonzere. Chimangozikhazikitsa m'thupi zili zopotoka.

Cholakwika chachikulu ndi kumenya mikono ya chidole cham'mbali, ngati ukuichotsa panjira. Mphamvu iyenera kudutsa mu mkonowo kulunjika pakati pa thunthu. Ukamamenyera m'mbali, udzatupa mikono, ndipo pa munthu weniweni akangochotsa dzanja lake, lako lidzapitirira n'kusiya nkhope poyera. Tengani bong sau: chigongono chikwere kulingana ndi phewa, dzanja likhale lomasuka, ndipo chiuno ndi chimene chitembenuke. Posinthira ku tan sau, pamene chikhatho chimayang'ana kumwamba, mkono wako usasiyane ndi mtengo. Uzungulire uli chikhudzire, kwinaku phazi likulambalala mwendo wa chidole n'kulowa pafupi. Ambiri apa amaima patali n'kuweramira kutsogolo kuti afikire. Koma chidole sichisuntha, choncho wosuntha ndiwe, ndi mapazi, msana uli chilili.

Khutu limathandiza kuposa diso. Manja awiri akamagwira ntchito limodzi, monga pa kwan sau, pazimveka kulira kumodzi kokha, kho! Kukamveka kawiri, dzanja lina lachedwa kapena chiuno chatsalira. Phokoso lambiri logobedeza si umboni wa luso, ngakhale limasangalatsa oonerera.

Woyamba kumene atenge gawo limodzi lokha, alibwereze pang'onopang'ono kwa mphindi 10 kapena 15, kumanja ndi kumanzere, mphamvu ili yochepa. Liwiro lidzabwera mtsogolo. Pamene pamagunda chikhatho pakulungidwe nsalu yokhuthala, ndipo chigongono chisawongoke mpaka kutheratu pomenya. Kufiira pang'ono kwa khungu si nkhani, koma ululu wa pafupa kapena polumikizira dzanja ndi chizindikiro choti usiye mpaka pachire, kenako uonenso mmene mkono ukugwera pamtengo.

Chinanso, chidole sichibweza nkhonya ndipo sichinamiza. Zimene waphunzirapo uzikaziyesa ndi mnzako pa chi sau, kuyeserera kwa anthu awiri mikono ili chikhudzane, tsiku lomwelo, kuti uone ngati mtunda uja ukugwirabe ntchito pa munthu amene akusuntha.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda Wing Chun