Nkhono ya Pakhonde

Tadala mdzukulu wanga,

Uli bwanji? Chifuwa chija chinatha? Amayi ako atandiuza kuti ukutsokomola usiku, ine kuno sindinagone tulo. Loweruka lino ukukwanitsa zaka 8, koma miyendo yangayi ukuidziwa, sindibwera. Ndiye ndati ndikulembere zimene ndinaona dzulo.

Mvula inagwa kuyambira m'mamawa. Itakata ndinatuluka pakhonde, n'kupeza kankhono pafupi ndi kampando kako kaja. Chigoba chake chinali ngati chikhadabo cha chala changa chachikulu, tinyanga tikungotuluka n'kubwerera. Kodi ukudziwa kuti maso ake amakhala kunsonga kwa tinyanga tatitalito? Nditakakhudza ndi udzu kanabisala konse, ndinadikira mpaka katatulukanso.

Ndinatenga choko ndi rula yanga yakale, n'kulemba kamtanda pamene kanali. Kamtandako n'kofunika. Agogo ako aakazi akafunsa kuti nkhono ili pati, ine n'kuyankha kuti "ili apo", aipeza? Ndiyenera kunena kuti ili masentimita akuti kuchokera pakamtanda, kulowera kukhomo kapena kumunda.

Kanayenda masentimita 30 kulowera kukhomo, kakusiya kanjira konyezimira ngati mamina. Usaseke! Kenako kaya kanakumbukira chiyani, kanatembenuka n'kubwerera masentimita 20 m'kanjira komweko. Poyang'ana wotchi, panali patadutsa mphindi 10.

Tsono tandiuza, kayenda mtunda wautali bwanji? Phatikiza 30 ndi 20. Wapeza 50? Eya. Nanga kali kutali bwanji ndi kamtanda? Masentimita 10 okha, chakukhomo. Khama lonse lija! Kusuntha kumeneku, kuchokera pamene unayambira kufika pamene waima, asayansi amakutcha displacement. Safunsa kuti unazungulira kuti. Nkhono ija ikanabwerera mpaka pakamtanda, displacement yake ikanakhala ziro, ngakhale ikanatopa.

Liwiro nalonso lili pawiri. Ukagawa 50 ndi mphindi 10 zija, upeza kuti inkayenda masentimita 5 pa mphindi. Koma ukagawa masentimita 10 aja ndi mphindi zomwezo, upeza sentimita imodzi pa mphindi, kulowera kukhomo. Imeneyi ndiye amati velocity, ndipo sungaitchule osanena kuti chinthucho chikulowera kuti. Ngati zakuvuta, zisiye, tidzayezera limodzi. Kodi kugawa mwayamba kale kusukulu? Aphunzitsi anu ndi omwe aja?

Agogo ako aakazi anandiseka kuti munthu wamkulu ndagwadira nkhono, ndipo podzuka anachita kundikoka dzanja. Ine ndinawauza za Galileo, wasayansi wa ku Italy. Zaka zoposa 400 zapitazo, iye ankagubuduza timipira pathabwa lotsetsereka kuti aone mmene liwiro limakulira. Wotchi yabwino analibe, ndiye ankatsegula madzi kuti azithira m'kapu, kenako n'kuyeza kulemera kwa madziwo kuti adziwe nthawi imene yadutsa. Agogo akowo anangoti Galileoyo mawondo ake anali abwino.

Koma za tsiku lako lobadwa bwanji? Dziko lathuli limathamanga makilomita pafupifupi 30 pa sekondi iliyonse pozungulira dzuwa, ife tili pamwamba pake osamva kanthu. Pachaka limayenda makilomita pafupifupi 940 miliyoni n'kubwerera pomwe linayambira. Ndiye iwe wazungulira dzuwa maulendo 8, ndipo tikaika kamtanda kathu padzuwa, Loweruka udzakhala pafupifupi pamalo omwe unali tsiku lija ndinakunyamula koyamba, uli kang'onong'ono, ukulira mokweza zedi.

Chinthu china chimandidetsa nkhawa. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi yokha. Ukangoti "wani", yafika. Podutsa msewu uzigwira dzanja la amayi ako, usamathamange, wamva? Ndipo juzi uzivala kukazizira.

Lero m'mawa ndinapitanso pakhonde. Kamtanda kalipo, koma nkhono kulibe. Kanjira kake kakwera mwendo wa kampando kako n'kuthera pansi pa thabwa, ndipo ine sindingathenso kuwerama kuti ndisuzumire. Ukabwera udzasuzumire ndiwe. Rula ndakusungira.

Moni kwa amayi ako ndi bambo ako.

Ndine agogo ako aamuna