Za nyimbo zako za ku Belfast zija

Yamikani,

Kalata yako ndinalandira, nyimbo zijanso zinafika. Aise, ku Belfast unapita kukasamalira nkhalamba kapena kukagonthetsa makutu? Tsiku loyamba nditaziika pa sipika ya Mavuto, alandilodi anatuluka chitenje chili m'manja, kuyesa tikumenyana. Pano akandiona amangopukusa mutu. Ndamva kuti dzina langa analipereka ku mapemphero a Lachitatu, ndipo dzulo mdzukulu wawo anandifunsa ngati ndachira. Lendi akakweza mwezi uno, yowonjezerayo ulipira ndiwe.

Wati ndikuuze zomwe ndamvamo. Jake Burns, woyimba wa gulu la Stiff Little Fingers lija, amayimba ngati wameza mchenga, moti mawu ndinachita kuwasaka pa intaneti, bandulo yonse psiti.

Iwe ukuti Stiff Little Fingers ankayimba za nkhondo ya ku Northern Ireland. Ine ndikukana pang'ono. Tamveranso "Alternative Ulster" ya 1978 ija. Panja pali asilikali a Britain, apolisi, mabomba, anthu akuphana nkhondo imene pofika 1998 inali itadya anthu opitirira 3,500. Koma mnyamatayo chikumuwawa n'chiyani? Mtauni mulibe chochita, unyamata ukungomuthera m'manja. Poyamba ndinaseka. Kenako ndinakumbuka bambo, momwe ankasimbira za khadi la chipani nthawi ya a Kamuzu. Za anthu osowa sankazitchula kwenikweni. Chomwe ankabwereza chaka ndi chaka ndi tsiku limene anawabweza pachipata cha msika, nkhuku ili kukhwapa, chifukwa khadi anaiwala m'thumba la malaya ena. Ku Belfast nakonso munthu ankasechedwa pageti polowa pakati pa tauni. Zikuluzikulu munthu amameza, zimene zimatuluka pakamwa ndi tating'onoting'ono tomweto.

Imene yandikhala pamtima ndi "Wasted Life". Mnyamata akukana anthu a mfuti amene akumukopa kuti alowe gulu lawo. Sakulonjeza kupambana, sakupempherera mtendere, akungoti moyo wanga simuutenga. Kulimba mtima kwake ndi komweko basi. Ndipo akunena poyera, mokuwa! Ife kuno tikanaphiphiritsa, nkhani yonse n'kuiika m'kamwa mwa kalulu. Ngakhale "Suspect Device" ili nako kuphiphiritsa kwake: mawu amene pa wailesi ankatchulira chinthu choganiziridwa kuti ndi bomba, iwo akuti bombalo ndi achinyamata eniakewo.

Koma pali chimene chikundisowetsa tulo. Mawu ambiri analemba mothandizana ndi mtolankhani, Gordon Ogilvie. Anzawo a ku Derry, The Undertones, ankawanena kuti akudyera pa mavuto a anthu, iwo n'kumangoyimba za atsikana. Ndiye wolimba mtima ndani, wokuwa za mabomba kapena woyimba za chibwenzi mabomba akuphulika kuseri? Ndinafunsa Mavuto, akuti ndimubwezere sipika yake.

Ukapeza mpata ukafunse nkhalamba zakozo za Harp Bar, kumene ana a Akatolika ndi a Chipulotesitanti ankavinira limodzi. Mwina agogo amene ukuwamwetsa phalawo anali ndi tsitsi lobiriwira.

Iiih, ndimaiwala, Chikondi anachira, mwana wamkazi. Amalume ake a Mavuto tinaika mwezi watha. Nsapato zija unatumiza zikundithina, ndinakuuza 9 iwe n'kugula 8, chaka chachitatu chino sunadziwebe phazi langa?

Kalata yako ndaiwerenga kanayi, Yami. Tsamba lonse ndi nyimbo, za iwe mzere umodzi wokha, woti kumada 4 koloko ndipo umadya wekha. Munthu sakonda nyimbo zokuwa chonchi popanda chifukwa. Kodi kuntchitoko akukusunga bwino? Usandiyankhe za gitala.

Magetsi athima, ndikulembera tochi ya foni ndipo yatsala 6 peresenti. Ndimafuna ndikuuzenso za mayi ako, Lamlungu ndinawapeza atakhala pakhonde ndi chithunzi chija, ndiye anandifunsa kuti