Lipoti la msonkhano wa Loweruka ku Braamfontein, mu mzinda wa Johannesburg

Abale ndi alongo, mwaswera bwanji. Monga munandituma, ndinapita ku msonkhano uja wa antchito a m'nyumba ndi m'magadeni. Ndinafika mochedwerako, takisi ya pa Bree inatenga nthawi kuti idzaze, ndiye pemphero ndi malonje zinandidutsa. Chenji cha thiransipoti ndipereka kwa amsungichuma.

Chomwe ndatolako kwambiri ndi ichi: ife timangoti "ntchito yatha" basi, koma pa Chingelezi pali mawu atatu ndipo lililonse lili ndi ndalama yake. Resign ndi kusiya wekha. Dismissed ndi kuchotsedwa, kawirikawiri poti akuti walakwa. Retrenched ndi pomwe abwana akuti ntchito yachepa kapena ndalama zawathera, iwe osalakwa kanthu, ndipo apa lamulo likuti akupatse severance pay, malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chomwe wawagwirira. Wosiya yekha zimenezi sazinunkha, ngakhale ku UIF, thumba la boma lothandiza amene ntchito yawathera, nako samupatsa.

Mayi wina anaimirira nkufotokoza kuti anagwira zaka 6 panyumba ina, madamu ake posamukira ku Cape Town anamupatsa kapepala pa tebulo la m'khitchini, cholembera chili kale m'manja, akuti ingosaina apa. Iye ankayesa ndi kalata yomuchitira umboni kuti akapeze ntchito kwina, kumene pamwamba analemba resignation. Muholo monse munangoti zii. Ine mtima unandiwawa chifukwa ambiri a ife tikanasaina chimodzimodzi, manyazi ofunsa aja. Chonde pepala lomwe simukulimva musasaine, lijambuleni pa foni muponye pa gulu pano tiwerengerane.

Ukachotsedwa mopanda chilungamo uli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe lomva milandu ya antchito ndi mabwana awo, ndipo salipiritsa. Otiphunzitsa anatsindika kuti ngakhale wopanda mapepala okhalira m'dziko muno mlandu wake amaumva, ngakhale ndikudziwa enanu mantha sangakulekeni.

Za piece job, ganyu wathu uja, panali mkangano pang'ono. Madamu ena amakonda mawuwa kuti azioneka ngati sanakulembe ntchito, koma ukamagwira panyumba imodzi maola opitirira 24 pamwezi amayenera kukulembetsa ku UIF, 1% kuchoka pa malipiro ako ndi 1% ya abwana. Achimwene a m'magadeni amene mumapita Lachiwiri lililonse nyumba yomweyo, werengani maola anu.

Zina mwachidule: overtime ndi maola opitirira 45 pasabata, ola limodzi limalipiridwa ngati ola ndi theka. Notice, nthawi yodziwitsiratu ntchito isanathe, ya wantchito wa m'nyumba amene wadutsa miyezi 6 ndi masabata 4. Malipiro otsikitsitsa mu Malichi 2025 anawaika pa R28.79 pa ola, amasintha chaka ndi chaka.

Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi bwerani ndi makontirakiti ndi mapeyisilipi anu, amene muli nawo, tidzaone limodzi. Timapepala tomwe anagawa ndinangopeza 9, ndiye wina athandize za fotokope.