Lipoti la msonkhano wa za malipiro a anamwino

Anzanga anamwino ndi azamba a mbali ya ku Makanjira,

Munandituma ku msonkhano wa pa boma Lachiwiri lapitali, ndiye nazi zomwe ndabwera nazo. Ndinafika pemphero ndi malonje zitatha kale, msewu wathu mukuudziwa.

Funso linali limodzi: boma likatikweza malipiro, lidzatulutsa zingati? Bambo wina wowerengera ndalama analemba pa bolodi chitsanzo chongoyerekeza. Anamwino akhale 10,000, aliyense aonjezeredwe K50,000 pamwezi. Ndiye kuti K500 miliyoni pamwezi, K6 biliyoni pachaka. M'holo monse munangoti zii. Anati sizithera pomwepo ayi, chifukwa kwa amene ali pa penshoni yosonkha, wolemba ntchito amaikapo 10 peresenti ya malipiro. Palinso anzathu a zipatala za mipingo za m'bungwe la CHAM, monga St Martin's ku Malindi, omwe malipiro awo amachokeranso ku boma. Ukawasiya amenewa, masamu onse alakwika.

Apa ndinaimika dzanja. Ndinafunsa kuti nanga msonkho wa PAYE, womwe amadula ndalama isanalowe n'komwe mu akaunti? Gawo la K50,000 ija limabwerera ku boma mwezi womwewo, koma pa bolodi silinaoneke. Bambowo anakanda mutu, n'kuvomera kuti ndalama yeniyeni yotuluka ndi yocheperapo. Mayi wina wa ku Namwera anaonjeza kuti namwino akasiya ntchito, otsala amagwira locum (mashifiti oonjezera olipidwa padera) ndipo boma limalipirabe, pomwe kuphunzitsa wina kumatenga zaka 3 kapena 4. Kwa ine mfundo yathu yagona pamenepa. Tisamangoopsezedwa ndi mabiliyoni, tiziwerengeranso zomwe boma limataya anthu akamathawa ntchito.

Za kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinatchulidwa, komanso lonjezo lomwe mayiko a mu Africa anachita ku Abuja mu 2001 loti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Sitinachedwepo, aliyense akudziwa mtengo wa thumba la chimanga.

Chaka cha boma chimayamba pa 1 April, choncho masamu athu afike ku NONM, bungwe lathu la anamwino ndi azamba, bajeti isanapite ku Nyumba ya Malamulo. Chipatala chilichonse chilembe chiwerengero cha anamwino pa giredi iliyonse, malo opanda munthu, ndi mashifiti a locum a miyezi itatu yapitayi. Munditumizire pa WhatsApp pofika Lachisanu. Amene netiweki ikuvuta, mupatsire dalaivala wa ambulansi.

Ine nthumwi yanu.